Mnyamata Amene Sanakane Khofi

Alamu anga a Sixten Norell ankadziwa mabenchi a m'nyumba zonse zosungiramo zinthu zakale kuno ku Sweden. Za zithunzi za mafumu, malupanga ndi mafupa a namgumi olendewera kudenga analibe nazo ntchito kwenikweni, koma mabenchi ankawadziwa ngati abale awo. Ukawafunsa za myuziyamu inayake ya kum'mwera, ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Imeneyo ayi, mlamu. Benchi lake lilibe motsamira." Ukatchula nyumba yachifumu ija ya m'mphepete mwa madzi, nkhope yawo inkawala. "Kumeneko ndiye kumalo. Benchi lili pazenera, ndipo mlonda wake sadana ndi munthu wosinza."

Anali dalaivala wa basi kuyambira unyamata mpaka tsiku limene anapuma pantchito. Anali munthu wamtali, wa zikhatho ngati mafosholo, wofulumira kuseka koma wochedwa kulankhula. Anakwatira mkulu wanga, a Dagny, amene ankaphikira ana pasukulu ina mumzinda wa Gävle. Akulu angawo sukulu anaisiyira panjira, pakuti kwathu kumidzi ya m'nkhalango za Hälsingland mwana wamkazi woyamba ankafunika kukhola la ng'ombe kuposa m'kalasi. Koma ludzu lofuna kudziwa zinthu silinawathere mpaka mutu unachita mbuu ndi imvi. Ndiye mwezi wa Julaye ukafika, mabanja ena akuthamangira kukawothera dzuwa kugombe, awiriwa ankalongedza m'kagalimoto kawo ulendo wokaona zakale. Ana Mulungu sanawapatse, choncho mwamuna wanga atamwalira mpando wakumbuyo unasanduka wanga. "Elvy, konzeka, Loweruka tikunyamuka," a Dagny ankangolamula choncho, osafunsa.

Tinalowa m'matchalitchi a miyala ozizira ngati chitsime, m'nyumba za anthu olemera a makedzana, m'migodi yotha ntchito, ngakhale m'ndende ina yakale imene fungo lake linanditsata mpaka kogona. A Dagny sankadumpha chikwangwani ngakhale chimodzi. Ankavala magalasi, n'kuwerama, n'kuwerenga mokweza chala chikutsata mawu. A Sixten ankapirira zipinda ziwiri zitatu, kenako miyendo inkayamba yokha kusaka benchi. Apo ankakhala, majekete athu ali pamiyendo, chikwama cha akazi awo chili m'khwapa, fulasiki ya khofi itabisala m'thumba pakuti m'nyumba zimenezi salola kulowa ndi chakumwa.

"Sixten, tabwera udzaone supuni ya bishopu!"

"Ndaiona kale."

"Waionera kuti iwe, uli pabenchi?"

"Kutchalitchi kwa dzulo kunalinso supuni. Kodi si pachibale?"

"Chitsiru iwe. Chaka chonse umakhala pampando wa basi, ndiye patchuthi ukhalenso pansi?"

"Kusiyana kulipo, mkazanga. Benchi silifuna mabuleki."

Koma madzulo tikafika kogona ankapempha okha. "Tandiuza, bishopu uja anathera kuti?" Ndipo a Dagny ankafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, amuna awo akumvetsera atatsinzina. Anandiuzapo tsiku lina kuti zakalezi zimakoma zikadutsa kaye m'kamwa mwa Dagny.

Myuziyamu imodzi yokha ndiyo a Dagny ankakana kupondako. Kuti chifukwa chake chimveke, ndiyenera kubwerera kwathu.

Nyumba imene tinabadwiramo inali ya zipika zosanjikiza, yopaka utoto wofiira, yokhala ndi khitchini yaikulu ndi chitofu cha nkhuni chimene sichinkazima. M'khitchini imeneyo ndi mmene a Sixten anaphonya mwambo, ndipo kuphonyako kunawatsata moyo wonse. Masiku amenewo ankayendetsa basi yochokera kutauni kubwera kumidzi yathu, ndipo a Dagny ankakwera basiyo popita kukagulitsa batala. Lamulungu lina mnyamatayo anabwereka suti ya bambo ake nadzagogoda pakhomo pathu.

Kwathu mlendo salandira khofi pomupatsa koyamba. Mayi wapanyumba akati, "Imwaniko khofi," iwe umati, "Ayi, musavutike, ndangomwa kumene," ngakhale kukhosi kuli gwa. Akabwereza umati, "Zoonadi, ine ndangodutsa." Kachitatu m'pamene umagonja, n'kunena kuti, "Chabwino, koma theka la kapu basi." Kukakamizana kumeneku timakutcha truga, ndipo mayi wosadziwa kukakamiza ankanyozeka chimodzimodzi mlendo wosadziwa kukana. Koma a Sixten anakulira kudoko, kumene munthu akakutambasulira dzanja umalandira lisanabwerere.

Amayi anaima pachitofu, ketulo yawo yamkuwa ili m'manja. "Mwina mlendo angamweko khofi?"

"Eya, zikomo kwambiri! Ndipo ngati banzi ilo lilibe mwini, ndilithandiza."

Abambo anatsokomola nayang'ana kudenga. Amayi anathira khofi atamanga milomo ngati kukamwa kwa thumba. Ine ndinathawira kukhola kukasekera ng'ombe. Koma a Dagny anaphulikira pomwepo, kuseka kogwira m'mimba, misozi mbwembwembwe. Mlendo atapita amayi anati, "Ameneyu adzakudyera ndi mbale zomwe." A Dagny anayankha kuti, "Bola iyeyu, akakhala ndi njala ndizidziwa."

Nkhaniyo inasanduka mchere wa banja lawo. M'mawa uliwonse a Dagny ankaima ndi ketulo n'kufunsa motsanzira mawu a amayi, "Mwina mlendo angamweko khofi?" A Sixten n'kuyankha monga anayankhira tsiku lija, banzi ndi zonse. Akayambana, amene wayamba kutopa ndi mkwiyo ndiye ankatulutsa mawuwo, ndipo mkangano unkathera pomwepo.

Makolo atamwalira panalibe wotsala pamudzi. Mchimwene wathu anasamukira kutauni, minda inamera tchire, denga linayamba kudontha. Pamenepo anthu osunga zakale a m'chigawo chathu anapempha nyumbayo. Anaiphwasula chipika ndi chipika, nainyamula pamalole, nakaimanganso paphiri lina pafupi ndi mzinda, pamalo pamene anasonkhanitsapo nyumba za m'midzi yosiyanasiyana, nkhokwe, zigayo ndi makola, kuti a masiku ano aziona mmene tinkakhalira. Anatenga ndi ziwiya zomwe, ketulo ya amayi, wotchi yapakhoma, mpando wa abambo. Sanalakwe, nyumbayo ikanagwa. Koma a Dagny analumbira.

"Supuni ya bishopu ndingaione, bishopuyo sindinamudziwe. Koma ine ndikaime kuseri kwa chingwe n'kumasuzumira m'khitchini mwa amayi ngati mlendo? Sixten, ngakhale nditafa usadzandidutsitse kumeneko."

"Ndamva."

"Kumva si kulonjeza."

"Ndalonjeza, Dagny."

Chakudza sichiimba ng'oma. Poyamba a Dagny anaiwala mayina a maluwa, kenako njira yobwerera kuchokera kusitolo. Tchuthi china, tili m'nyumba yoonetsera zithunzi zojambula pamanja, ndinawaona ataima pachikwangwani, chala chili pamzere woyamba, milomo ikuyenda, n'kubwereranso poyambira mzere womwewo. A Sixten anadzuka pabenchi, majekete n'kugwera pansi, nakaima pambali pawo n'kuyamba kuwawerengera mokweza, akuphunthwa pa mayina achilendo a ojambula. Tsiku limenelo sanakhalenso pansi.

Madokotala anatchula dzina la matendawo, napereka mapiritsi, nanena mwaulemu kuti msewu umenewu ulibe pokhotera. Ndiye m'mawa wina wa nyengo yachisanu a Sixten anandiimbira foni.

"Mlamu, lero wanditchula kuti inu."

"Ndani?"

"Dagny. Wandipeza m'khitchini n'kundifunsa kuti, bambo inu, mukufuna ndani m'nyumba muno?"

Chikwatiranire awiriwa ankangoti iwe, iwe, ngati ana. Tsopano iwe uja anali atachoka, ndipo a Sixten anayesa njira zonse zomubwezera. Anatulutsa zithunzi za ukwati, a Dagny anayamikira diresi nafunsa kuti mkwatiyo ndi mwana wa ndani. Anavala chipewa chawo chakale cha pabasi, anafunsidwa ngati ndi apolisi. Anaima ndi ketulo iwo eni n'kufunsa funso la mlendo lija, koma akazi awo anawayang'ana mwamantha n'kukankhira kapu kutali. Chakudya chochokera m'manja mwa munthu wachilendo ankachikana, mapiritsi ankalavula, ndipo thupi linayamba kutha moti mphete inkavuka yokha. Ine ankandilandirako pang'ono, koma ankandiyesa azakhali athu amene anamwalira kalekale.

Julaye atafika, a Sixten anabwera kwanga nakhala m'khitchini osavula jekete.

"Ndikufuna ndimutengere kunyumba ija."

"Alamu, munalonjeza."

"Ndikudziwa, Elvy. Koma amene ndinamulonjeza ujayo ndi amene ndikumufuna. Abwere adzandikalipire. Akangoti, Sixten chitsiru iwe, ndinakuletsa, ine basi ndakhuta."

Ndinavomera. Mankhwala ena ndinalibe oti ndiwapatse.

Tinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Paphiri panali piringupiringu, mabanja akukankha ngolo za ana, alendo a maiko ena akujambula mbuzi. A Dagny ankayenda mokokera mapazi atandigwira mkono, akudandaula za phokoso. A Sixten ankatsatira m'mbuyo patali pang'ono, pakuti akayandikira akazi awo ankanjenjemera. Tinadutsa chigayo, tinadutsa sukulu yakale, kenako njira inakhota, ndipo nyumba yathu inali apo. Anaimanga moyang'ana kolakwika, khomo lili kumadzulo m'malo mwa kum'mawa, ndipo fungo la ng'ombe panalibe. Koma inali yomweyo, mpaka kabowo kamene mchimwene wathu anasema pamphuthu ndi mpeni.

A Dagny anandisiya mkono. Anayenda okha, msana utawongoka, ngati mtsikana wochokera kukakama mkaka. Pakhomo anavula nsapato naziika kumanzere kwa sitepe, pamene tinkaziika nthawi zonse. M'kati munali chingwe chofiira chotchinga khitchini kuti anthu azingoonera patali. Anachimasula osaima n'komwe.

"Ndani wamanga chingwe choyanikira zovala m'khitchini muno?"

Pakona panakhala mayi wina wachikulire ndithu, woyang'anira nyumbayo, atavala zovala za makedzana akuluka sokosi. Anadzambatuka. "Pepani mayi, kuseri kwa chingweko sitilowa."

"Anabadwira muno," ndinamunong'oneza. "Mutu wawo suli bwino."

Mayiyo anayang'ana a Dagny, nayang'ana nsapato zili pasitepe, nayang'ana a Sixten. Kenako anatuluka kukaima pakhomo, ndipo ndinamumva akuuza anthu kuti nyumba ino yatsekedwa pang'ono, ayambe aona chigayo. Anangosuzumira kamodzi n'kunena kuti, "Koma chonde, moto ayi."

A Dagny anali atagwira kale chitofu. "Chazima! Elvy, waulesi iwe, amayi akabwera tiona zakuda." Dzina langa anali asanalitchule chiyambire chisanu. Patebulo osunga zakale aja anali atayalapo makapu a amayi a maluwa abuluu, ndi mbale ya mabanzi oumba ndi dothi, opakidwa utoto kuti azioneka enieni. A Dagny anakonza nsalu ya patebulo, nanyamula ketulo yamkuwa, natembenuka. Pakhomo la khitchini panaima a Sixten, atavula nsapato, chipewa chili m'manja, atawerama chifukwa khomolo linali lalifupi kwa iwo kuyambira kale.

"Mwina mlendo angamweko khofi?"

Alamu anga anayankha monga anayankhira tsiku lija.

"Eya, zikomo kwambiri. Ndipo ngati banzi ilo lilibe mwini, ndilithandiza."

Kenako a Dagny anaseka. Kunali kuseka kuja kwenikweni, kogwira m'mimba, ketulo ikugwedera m'manja. A Sixten anaponya phazi kutsogolo, manja atayamba kale kutambasuka.

"Bambo inu, mwandikumbutsa munthu wina!" anatero a Dagny akupukuta misozi. "Pali mnyamata wina woyendetsa basi, nayenso n'chimodzimodzi, mwambo alibiretu. Elvy, si choncho?"

Manja aja anatsika pang'onopang'ono.

"Dzina lake ndani?" a Sixten anafunsa.

"Sixten. Wamtali, woonda ngati mzati, tsitsi lake ngati udzu wouma. Mukumudziwa?"

"Ndinamudziwapo."

"Amayi sakumufuna, akuti adzandidyera ndi mbale zomwe." Anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Koma ine ndikwatiwa naye basi. Musauze munthu. Akubwera lero."

"Dagny, ndine. Sixten ndine."

Anawayang'ana kuyambira kumutu wa dazi mpaka kumasokosi, ndi maso achifundo. "Musachite nthabwala ndi zimenezo, agogo. Khalani pansi mumwe khofi wanu asanazizire."

Anapendeketsa ketulo yopanda kanthu pamwamba pa kapu, mosamala kuti asadonthezere nsalu. A Sixten anakhala pampando wa abambo, nanyamula kapuyo ndi zikhatho zawo zija, namwa mpaka kuipendeketsa. Ine ndinayang'ana wotchi yapakhoma imene sinkayenda.

Kenako a Dagny anakokera mpando pazenera kuti adikire basi. Dzuwa linapendeka, anthu kunja anachuluka, ndipo mayi woyang'anira uja analowa akupotokola manja. "Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawasiya agone muno," anatero, "koma posachedwa atseka chipata." Ndinayesa kuwanyengerera. Ndinati amayi akutiitana kumunda, ndinati ng'ombe zathawa. A Dagny anagwira thabwa la pazenera zolimba mpaka zala zinayera.

"Akabwera osandipeza aziti ndamukana! Ndisiyeni!"

Anayamba kulira ngati mwana. Palibe mwa ife amene akanatha kuwakoka, ndipo palibenso amene akanatha kuwasiya. A Sixten anatuluka. Ndinawaona kudzera pazenera lina atakhala pabenchi la pansi pa mtengo, nkhope ili m'manja. Anakhala choncho kanthawi ndithu. Kenako anadzuka, navala chipewa, nabwera kudzagogoda pakhomo ngati munthu wongofika kumene.

"Chemwali, ndakumana ndi mnyamata wanu uja kumsewu. Basi yamufera panjira. Wandituma kuti ndidzakutengeni."

Kulira kuja kunaduka. "Wakutumani inuyo?"

"Ine ndemwe. Watinso muvale nsapato, kunja kuli miyala."

A Dagny anadzuka, nakonza tsitsi ndi zala, nabwezera ketulo pamalo pake. Pasitepe anavala nsapato, kenako anakolowetsa mkono wawo mu mkono wa amuna awo. Chiyambire chisanu chija anali asanawakhudze. Mayi woyang'anira anamangiriranso chingwe chake atatembenukira kukhoma kuti tisamuone nkhope.

Tili m'galimoto, a Sixten anatsegula fulasiki natulutsa banzi lenileni la sinamoni.

"Watinso mudyeko kanthu, musafike ndi njala."

"Ayi bambo, musavutike, ndangodya kumene."

"Kapu imodzi yokha, chemwali, n'ngotentha."

"Zoonadi, ine sindikufuna."

"Mukakana ine akandikalipira. Chonde, thandizeni."

"Chabwino. Koma theka la kapu basi."

Anamwa kapu yonse, nadya banzi lonse, natolera ndi nyenyeswa za pamiyendo. Munthu amene pa unyamata wake sanadziwe kukana anali ataphunzira kukakamiza, mwina kuposa amayi athu.

Anakhala choncho mpaka chisanu chinabwera n'kupita kawiri. Mnyamata wa basi wati mumwe mankhwala. Mnyamata wa basi wati musambe, muvale diresi la buluu lija. Ndipo a Dagny ankamvera, atakana kawiri monga mwa mwambo. Tsiku ndi tsiku ankafunsa kuti afika liti, a Sixten n'kuyankha kuti ali m'njira, akudikira chitsulo chokonzera basi. Madzulo ankakhala limodzi pazenera, a Dagny akufotokozera mkulu wachifundo uja za mnyamata wawo, mmene amaimbira mluzu, mmene makutu ake amafiirira akachita manyazi. Iwe uja sanabwerenso. Mpaka tsiku lomaliza a Sixten anali bambo inu, kapena agogo.

Ndinawafunsapo kamodzi ngati sizikuwapweteka.

"Ndimamuchitira nsanje mnyamatayo, mlamu," anatero. "Koma abale, akukondedwa bwanji! Ine sindinkadziwa kuti zinafika pamenepo."

Titaika maliro a a Dagny, Julaye wotsatira a Sixten anandiimbira foni kuti ndikonzeke, Loweruka tikunyamuka. Sindinafunse kuti tikupita kuti. Tinakwera phiri lija pang'onopang'ono, pakuti tsopano miyendo yawo inali itayamba kukana, ndipo galimoto ankayendetsa ndine. Titafika panyumba yofiira sanalowe. Anakhala pabenchi la pansi pa mtengo lija, jekete lili pamiyendo, akuyang'ana zenera la kukhitchini, mmene anthu achilendo ankasuzumira kuseri kwa chingwe. Ndinakhala pambali pawo.

"Nanga benchi ili mukuliona bwanji, alamu?"

Analisisita ndi chikhatho. "Lilibe motsamira."

"Ndiye tizipita?"

"Ayi, mlamu. Tikhale kaye."